Msuzi wa Keziya

A Cyprian Jailosi anauzidwa mwezi wa Meyi kuti akangomaliza kukumba mtedza ndi kutonola chimanga, adzawasudzula. Amene anawauza ndi alamu awo a Phillip, ataima pabwalo, njinga ili m'manja, osafuna n'kukhala pampando pomwe. Mawu ake anali aulemu ndithu, oti simungawatole chifukwa. Ati maliro a mlongo wawo Keziya, mkazi wa a Cyprian, anatha, misozi inauma, ndiye si bwino kumangirira munthu pamudzi pa eni ngati mbuzi. Amasulidwe, apite kwawo, akaone china chochita.

"Kwathu," anatero a Cyprian.

"Eya, kwanu ku Phalombe. Abale anu akusowani."

A Cyprian anangoti zikomo. Akanati chiyani? Anali mkamwini. Munda ndi wa mbumba ya mkazi, dimba ndi la mbumba ya mkazi, ngakhale dothi limene anaumbira njerwa za nyumba yawo ndi la mbumba yomweyo. Ana akanakhalapo bwenzi atakanirira bambo awo, koma m'nyumba imeneyi Mulungu sanaikemo mwana. Ndipo ku Phalombe kumene ankanenako a Phillip, a Cyprian anapondako komaliza pamaliro a mayi awo, Keziya tsitsi likadali lakuda bii. Malo a makolo awo anagawana kalekale adzukulu oti ngakhale dzina lawo salidziwa. Munthu wa imvi, bondo limodzi lovutavuta, akatsike basi ndi kamtolo m'manja, akagogode pa chitseko cha yani? Ankachita mantha, tisabise.

Kuti mumvetse bwino, tiyambire kutali pang'ono. Kuno ku Mchinji a Cyprian anabwera ali mnyamata, pamwamba pa lole imene inkatuta anthu a kummwera kudzalima fodya. Anawatsitsa pa esiteti ina cha ku Mavwere, n'kuwaonetsa munda, chigafa ndi kanyumba kaudzu. Utenanti uli ndi mavuto ake, koma tenanti wopanda mkazi ndiye amaonjeza. Anzawo akaweruka ankapeza madzi otentha ndi chakudya. Iwo ankapeza phulusa lozizira ndi kapoto kamodzi, kakuda, kothyoka chogwirira. Ndi kapoto kamodzi simungaphike zinthu ziwiri. Mukaphula ndiwo kuti mutereke madzi a nsima, pomadzati nsima yapsa ndiwo zija zazizira kale, makamaka mu Juni pamene chisanu cha kudambo chimalowa mpaka m'mafupa.

Tsono mnyamatayo anatulukira nzeru yaulesi. Ankangoponya zonse m'kapoto komweko: dungu lopempha, mbatatesi, masamba alionse amene wapeza, ndi mtedza wokunkha m'minda ya eni, wophwanya ndi botolo pamwala. Poyamba zinkatuluka zoti galu anunkhize n'kubwerera. Koma zaka zitapitapo dzanja linazolowera. Linadziwa choyamba kulowa ndi chotsiriza, linadziwa moto wake, mpaka matenanti anzawo, omwe aja a akazi, anayamba kumadzera pakhomopo ndi makapu m'matumba, ati kudzapala moto.

Keziya anadzalawa zimenezi atabwera pa ganyu yosankha fodya. Anali mtsikana wa ku Chiosya, wamtali, wa mawu aakulu, woseka chikhakhali mpaka kapitawo kutembenuka. Tsiku lina m'mawa zala zitamuuma ndi kuzizira, a Cyprian anamupatsa kapu ya zophika zija kuti afunditse manja. Iye anafunditsa manja, kenako anamwa, kenako anapukuta kapuyo ndi chala.

"Izi mwaphika ndinu?"

"Eya."

"Mukandikwatira muzikaphika ndinu. Ine ndizikalima."

Anthu m'chigafa anaseka, a Cyprian nawonso anaseka, osadziwa kuti mtsikanayo sakunena zocheza.

Anakwatiranadi, a Cyprian n'kusiya utenanti kudzakhala chikamwini ku Chiosya. Anamanga nyumba, anadzala mango ndi nthochi. Kudambo, pamalo pamene panali bango lokhalokha ndi achule, anakumba zitsime, anaunda mizere, mpaka panakhala dimba loti munthu wodutsa pamsewu aime kaye. Mowa sankamwa, mlandu sanapalamulepo, kumanda sankajomba kukakumba. Pamudzi pa eni anaphunzira kuyenda mwa kachetechete, osapatsa munthu aliyense nkhani yoti akambe.

Koposa zonse ankasamala za apongozi awo, mayi Esitele. Amenewa anali mayi waukali, wa lilime lakuthwa, woti nkhuku zomwe zinkadziwa kuti pakhonde pawo sipoyendapo. Masiku ano achinyamata amakhalira mphasa imodzi ndi apongozi, ena mpaka kubwerekana foni, koma mayi Esitele zimenezo ankati n'zamanyazi. Mpongozi ndi mkamwini sayang'anana, basi. Akakumana panjira ya kudimba, a Cyprian ankalowa patchire, kaya pali chisoso kaya pali minga, ndipo mayiwo ankatembenuka n'kudziphimba ndi chitenje mpaka mapazi atasiya kumveka. Zolankhula zinkadzera mwa Keziya, ngakhale onse atatu ali pabwalo limodzi.

"Keziya, auze amuna ako kuti denga langa likudontha."

"Auzeni mayi kuti mawa ndikwerapo."

Zaka zoposa makumi atatu zinatha choncho. A Cyprian ankadziwa mawu a apongozi awo, ankadziwa chifuwa chawo, msana wawo ndi zidendene zawo. Nkhope ankangoionera patali, n'kugwetsa maso msanga.

Keziya uja pa khasu analibe mnzake. Mzere umene mwamuna angaulime mpaka thukuta kamukamu, iye ankaudutsa akuimba. Koma pa mphika, Mulungu amukhululukire, dzanja linali lolemera. Ndiwo zake zikapanda kupserera zinkakhala zosambira m'madzi. A Cyprian ankadya osadandaula, ndipo masiku ozizira, pakhomo pakakhala popanda alendo, ankatseka chitseko cha khitchini n'kuterekako kapoto kawo kaja.

Ndiye chaka china mano a mayi Esitele anatha, chifuwa chinawagwira, chakudya chinayamba kuwakanika. Nsima inkawatsamwa. Phala ankalikankha ndi phazi, ati kodi ndine khanda? Keziya anabwera kunyumba nkhope ili yakugwa.

"Mayi aja atifera ndi njala, chimanga chili m'nkhokwe."

"Tasinjani mtedza," anatero a Cyprian. "Musefe bwinobwino, pasatsale kamsere."

Apa ndi pamene panayambira kagwiridwe kawo ka ntchito. Keziya ankakokera mtondo pabwalo, poonekera aliyense, n'kumasinja mtedza akuimba mokweza kuti mudzi wonse udziwe kuti mayi wa pakhomo ali pa ntchito. Akasefa ankalowa m'khitchini n'kutseka chitseko. M'katimo iye ankakhala pa kampando n'kumakamba nkhani za eni, a Cyprian ali pa mafuwa. Zikapsa, Keziya ankathira m'bakuli, kukulunga ndi kansalu, n'kudutsa nalo pabwalo mutu uli m'mwamba.

Musaseke. Pamudzi ngati uwu, mwamuna woti mkazi wake ali moyo ndipo sakudwala akaoneka akuphika, wonyozeka ndi mkaziyo. Akanati ndi waulesi, akanati anamudyetsa mwamuna mankhwala, akanamuimba nyimbo pamtondo. Tsono msuziwo unatchuka ndi dzina loti msuzi wa Keziya. Mayi Esitele ankaumwa chaka ndi chaka nyengo yozizira, n'kumatukwanira ana awo ena kuti aphunzireko kwa mkulu wawo. Amayi a kutchalitchi akamufunsa Keziya kaphikidwe kake, ankayankha nkhope ili gwa, "Mumangoponyamo, n'kupemphera." Akabwera kunyumba ankasimba zimenezi akuseka mpaka misozi.

Keziya anamwalira mvula yoyamba itangogwa. Anagwa m'munda akudzala chimanga, mbewu zili m'manja. Anathamanga naye kuchipatala, koma sanabwerere ndi mawu. Maliro atatha, mtondo wake anaugoneka kuseri kwa nyumba, munsi n'kuutsamiritsa pakhoma, ndipo palibe anaukhudzanso. A Cyprian ankadya za m'mbale ya Consolata, mng'ono wake wa Keziya, amene nyumba yake inali pakati pa yawo ndi ya apongozi. Khitchini yawo inakhala yotseka, akangaude n'kumangamo.

Juni wa chaka chimenecho anazizira moipa. M'mawa udzu wa kudambo unkachita kuyera, madzi a m'ndowa oti kusamba kumaso mpaka uganize kawiri. Mtedza unakumbidwa, chimanga chinatonoledwa, ndipo a Phillip anatumiza uthenga kuti mwambo uja udzachitika Loweruka la kumapeto kwa mwezi. Anabweranso okha kudzayendera dimba, manja ali kumbuyo, akuyang'ana zitsime ngati munthu wosankha mbuzi pamsika.

Nthawi yomweyo mayi Esitele anasiya kudya. A Cyprian ankamva zonse kudzera pampanda.

"Ndati sindikufuna phala! Ndikufuna msuzi wa Keziya."

"Mayi, Keziya kulibe."

"Ndikudziwa kuti kulibe, ndinamubereka ndine. Chotsa zimenezi."

Consolata anayesa. Anaponya dungu, mbatatesi, mpiru ndi nsinjiro nthawi imodzi, n'kuthiramo chidulo kuti zifewe msanga. Mayiwo analawa kamodzi n'kufunsa ngati akuwapatsa matope a kudimba. Anayesanso ndi nsinjiro zogula pamsika, mayiwo ati zikununkha thumba. Pomaliza Consolata anabwera pakhomo pa a Cyprian, maso ali ofiira. Anthu awiriwa ankaserewulana chilamu kuyambira kale, koma tsiku limeneli panalibe zoseka.

"Alamu, inu munkakhala nawo. Achemwali ankaikamo chiyani?"

"Aaa, ine za kukhitchini ndingazidziwe?"

Bodza limeneli linawawawa tsiku lonse. Koma taganizani mmene zinalili. Kachiyembekezo kamene anali nako kanali kamodzi kokha: kuti Loweruka lija akulu a mpingo adzawapepesere, adzanene kuti munthuyu wakhala nafe zaka zonsezi opanda nkhani, musiyeni afere pano. Tsono nkhani ndi imeneyi. Akaphika, mudzi udziwa kuti Keziya ankanamiza mayi ake ndi mpingo womwe, ndipo amuseka ali m'manda osatha kudziyankhira. Iwonso adzati mkamwini waona kuti masiku atha, wayamba kunyengerera nkhalamba ndi mphika kuti asachoke pa dimba. A Phillip akanangofuna zomwezo. Choncho a Cyprian anakhala chete, n'kumamanga timitolo tawo pang'onopang'ono.

Chimene chinawasintha maganizo ndi nkhuku. Lolemba m'mawa akutuluka m'nyumba, anaona nkhuku za Consolata zitakwera pakhonde pa apongozi, zina zikupalasa pa mphasa, tambala ataima pakhomo penipeni. Anadikira mawu aja a apongozi othamangitsa nkhuku. Sanamveke. M'nyumbamo munkangotuluka kachifuwa kofooka, ngati ka mwana wa mbuzi. A Cyprian anaimirira pamenepo kanthawi, kenako anatenga dengu ndi mpeni n'kutsikira kudimba.

Anafukula mbatatesi zingapo, anazula anyezi, anathyola tomato wakupsa kwambiri ndi mpiru wanthete. Anasenda chimanga chachiwisi pamwamba n'kuchiboola ndi chikhadabo, kufuna chimene chikutuluka mkaka, osati chokhwima. Kunyumba anasankha dungu pamulu, lija la khungu lolimba loti mpeni umachita kukanirira, chifukwa lamadzimadzi silikoma. Anatsegula khitchini, anasesa, anakoleza moto wa zitsononkho n'kuikapo nkhuni ziwiri zouma. Kapoto kaja anakamasula m'mtolo mmene anali atakamangira kale ulendo wa ku Phalombe.

Zonsezi zikanatheka mwakabisira. Utsi pakhomo pa wamasiye, anthu akanati akuwotha moto. Vuto linali mtedza. Anaganiza za botolo ndi mwala ngati kale, koma zophwanya ndi botolo zimatsala misere, ndipo kamsere kamodzi pakhosi pa mayi aja kakanawatsokomoletsa mpaka madzulo. Pankafunika mtondo. Ndipo mtondo, abale, subisika. Anaugubuduza kuulowetsa m'khitchini, anauyalira chiguduli pansi, anatseka chitseko. Anathiramo mtedza, anakweza munsi, n'kuutsitsa mwaulemu ngati akugogoda kwa abusa.

Du.

Anamvetsera. Kunja kunali zii. Anatsitsanso, ndipo anaona kuti akamasinja mwamantha chonchi dzuwa lilowa mtedza usanaphwanyike. Anangoti kaya, zikhale mmene zikhalire, n'kuyamba kusinja zenizeni.

Du, du, du. Pakhomo poti mtondo unagona kuyambira pamaliro! Amayi a pamjigo anasiya kupopa. Consolata anafika akuthamanga, chitenje chili m'manja, n'kukankha chitseko. Anapeza alamu ake jekete atavula, thukuta lili chuchuchu m'chisanu chonsecho, akusinja mopotoka ngati munthu wokhoma chikhomo.

"Mayo ine! Alamu, mwatani? Mwapenga?"

"Tandibwerekani sefa. Yathu yadyedwa ndi dzimbiri."

Consolata anayamba kuseka, koma maso ake anagwa pa dungu losendasenda, pa mbatatesi zodula tizidutswa tofanana, pa mpiru wodula mosalala ngati fodya wopota. Kadulidwe kameneka ankakadziwa, anakaona m'bakuli la mayi ake zaka zambirimbiri. Kuseka kuja kunathera pomwepo. Anatuluka, anabwera ndi sefa, analanda munsi m'manja mwa alamu ake n'kumaliza yekha kusinja.

A Cyprian anakhala pa mafuwa. Anayamba ndi anyezi m'timafuta tochepa, mpaka atafewa osapserera, kenako tomato mpaka atasungunuka. Anaikamo dungu ndi mbatatesi, madzi ongofika pamwamba pake, n'kuvundikira. Podikira anapala chimanga chija ndi mpeni, kenako n'kukanda zitsononkho zake ndi msana wa mpeniwo kuti mkaka wonse utsikire m'mbale. Dungu litafewa anatenga chipande n'kuphwanyira theka lake m'mbali mwa poto, lina n'kulisiya kuti munthu azimva kuti akudya chakudya, osati kumwa mankhwala. Anathiramo chimanga. Nsinjiro sanazithire zouma ayi. Anazisungunula kaye m'kapu ndi madzi ozizira, n'kumazitsanulira pang'onopang'ono, dzanja lina likutakasa. Anachotsako nkhuni imodzi.

"Apa ndiye osachokapo," anatero, osayang'ana Consolata. "Nsinjiro zikagwira pansi, zonse mwataya. Komanso zikapanda kupsa zimatsegula m'mimba."

"Chidulo simuthira?"

"Ayi. Mpiru umalowa pomaliza, ungofewa basi. Mchere pambuyo pake."

Msuziwo unagwirana, unasanduka wachikasu chotuwira, ukuphulika timathovu taulesi. Fungo lake linadzaza khitchini, ndipo apa mpamene a Cyprian chinawatsina. Anatembenukira kumene kunkakhala kampando kaja kuti anene kuti zapsa, n'kupeza kuti pakhala Consolata. Anapukuta m'maso ndi mkono, ati utsi.

Anathira m'bakuli, anakulunga ndi kansalu komwe kaja.

"Mukanene kuti mwaphika ndinu."

"Mudzi wonse wamva mtondo, alamu."

"Mayi makutu anayamba kuvuta. Mukanene choncho, chonde. Musamuchititse manyazi mkulu wanu."

Consolata anapita. A Cyprian anakaima kuseri kwa mpanda, pafupi ndi zenera la apongozi, ngati akukonza udzu. Anamva chivundikiro chikutsegulidwa. Panapita nthawi. Kenako supuni inagunda bakuli, inagundanso, n'kumangogunda. A Cyprian anakhala pansi pomwepo pa mame.

"Waphika ndani?" anamveka mayi Esitele.

"Ndine, mayi."

"Iwe kunama sukutha. Keziya ndiye ankatha." Supuni inagundanso. "Mwana amene uja ndinamulera ndine. Madzi omwe ankapsereza. Ndiye tsiku lina angodzuka akuphika zoterezi? Ankabwera nalo bakuli pano maso ali mbee, opanda ndi msozi womwe wa utsi. Ine ndinkangoti zikomo mwana wanga. Nanga ndikanati chiyani, ndiwathokoze amuna ake pampanda? Ukawauze kuti achedwa. Akanandipha."

Pofika masana nkhani inali itafika kale pamsika wa Chiosya. Ena ankaseka mpaka kugwira m'mimba, ena ankati ankadziwa kale, ena ankati mwamuna ameneyu anadyetsedwa basi. Ana a sukulu podutsa pamsewu ankati du, du, du. Lachitatu a Phillip anabwera, ulendo uno njinga anaigwetsa pansi.

"Alamu, ndamva kuti mwayamba kusinja. Mukufuna kugula mudzi ndi mphika? Mlongo wanga mwamuvula pagulu ali m'manda. Loweruka lisasinthe."

"Silisintha," anatero a Cyprian. Manyazi anali nawo, ndipo kachiyembekezo kaja anadziwa kuti katha. Koma m'mawa mwake anaphikanso, ndi m'mawa mwake mwinamo, Consolata ataima pambali kuti aphunzire iwo asanachoke. Lachisanu nkhuku zinayesa kukwera pakhonde paja, ndipo chitsononkho chinauluka kuchokera m'nyumba, mawu a mayi Esitele akutsatira pambuyo.

Loweruka anthu anasonkhana pabwalo dzuwa litakwera, aliyense akufuna pamene pali kadzuwa. A Cyprian kwawo kunalibe wobwera, ndiye mkulu wina wa mpingo anakhala kumbali yawo. Mitolo yawo inali pakhonde: bulangete, zovala, kapoto kaja atakatsuka n'kukamangirira pamwamba. Mayi Esitele anatulutsidwa atafunda mabulangete awiri, n'kukhazikidwa pamphasa atafulatira bwalo monga mwa nthawi zonse.

Mwambo wake si wautali. A Phillip, monga mwini mbumba, anayamika mkamwini chifukwa chosunga mlongo wawo mpaka kumuika m'manda. Ananena kuti banja latha, munthuyu ndi womasuka, akafuna kukwatira akwatire, palibe adzamulondole. Anawapatsa khasu lawo ndi nkhwangwa yawo. Mkulu wa mpingo uja anayesa kuikapo mawu, koma anangozungulirazungulira n'kukhala pansi. A Cyprian analandira khasu ndi manja awiri, anawomba m'manja, n'kugwira bondo kuti adzuke.

"Mwatha?" anafunsa mayi Esitele, akuyang'anabe kukhoma.

"Tatha, mayi," anatero a Phillip.

"Ukwati watha?"

"Watha."

"Ndiye kuti pano ndilibenso mkamwini woti ndizimuthawa."

"Ndi choncho, mayi."

Mayiwo anatsamira dzanja pansi n'kuyamba kutembenuka. Zinatenga nthawi, chifukwa mafupa anali okalamba ndipo mabulangete ankawakola, koma Consolata atafuna kuwathandiza anamumenya padzanja. Anatembenuka mpaka anayang'anizana ndi a Cyprian. A Cyprian maso anali pa zala za kumapazi.

"Ha! Ndiye nkhope yake ndi imeneyi? Keziya ankati ndinu wokongola. Bodza linanso."

Wina anaphulika kuseka, ena n'kutsatira. A Phillip sanaseke.

"Mayi, mwambo sutero."

"Mwambo mwachita, ndaumva ndi makutu anga. Mkamwini mwamusudzula, wapita. Amene wakhala apayu ndi munthu amene amandiphikira. Dimba lija ndi la yani?"

"Ndi lanu, mayi."

"Nyumba iyo yaima pa dothi la yani?"

"Lanu."

"Ndiye wamva ndani akuti achoke? Ine ndinagona ndi njala pano mpaka nkhuku kundiyenda pamutu, iwe uli ku Mavwere kwa mkazi wako. Nawenso kumeneko ndiwe mkamwini, usaiwale. Ndikafa mudzathamangitsane mmene mungafunire, sindidzaona. Koma ndayamba kudya, ndiye musandiwerengere masiku."

A Phillip anayang'ana akuluakulu, koma aliyense anali atapeza chochita ndi zikhadabo zake. A Cyprian anamva bwino lomwe zimene zinanenedwa. Sanapatsidwe mudzi mpaka kalekale ayi. Anapatsidwa masiku ofanana ndi a nkhalamba imene inali patsogolo pawo. Koma Loweruka limenelo sakwera basi, ndipo mtima unakhala pansi.

"Inu," anatero mayi Esitele, "tandiyang'anani. Sindiluma, mano ndilibe."

Khosi linakana kaye, poti linazolowera kuwerama. Kenako a Cyprian anadzutsa mutu. Palibe anawauzapo, zaka zonsezi, ndipo iwo akanadziwa bwanji? Chipumi chinali chomwecho. Maso anali omwewo, ndi kakwezedwe ka nsidze imodzi kamene Keziya ankachita akafuna kuseka munthu. Anaona nkhope imene mkazi wawo akanadzakhala nayo akanakalamba. Misozi inatsika, ndipo pabwalopo panalibe utsi woti aunamizire.

Mayi Esitele anawasiya alire pang'ono, kenako anakoka bulangete pamapewa.

"Dzulo mchere munachulutsa," anatero. "Ndipo dzuwa lakwera, ine sindinadye."

A Cyprian anatsamiritsa khasu pakhoma, anamasula kapoto pamtolo. Kenako analowa m'khitchini, anagubuduza mtondo kuutulutsa panja, n'kuuimika pabwalo pamene Keziya ankauimika.